Ng'ombe Yaulere ya a Mapulani

Dilu inabadwa mowa utafika m'mutu. A Mapulani, amene chibadwire sanabepo chinthu cholemera kuposa nkhuku, anamenya tebulo.

"Aise, kuseri kwa butchala kwagona ng'ombe yakufa yathunthu. Tikaitenga masana, dzuwa likuswa mtengo."

"Masana?" anadabwa Ndodo, mnzawo wowonda.

"Oba usiku ndi mbuli. Ife tivala maovololo ngati antchito."

Mphuno, amene ankavomera chilichonse bola wina agule mowa, anangoti boo.

M'mawa mwake atatuwo anatulukira kubutchala kuja ndi ngolo yobwereka. Mlonda atawaona anathamangira kukatsegula geti.

"Ndinu mwabwera kudzaiwotcha?"

A Mapulani anatsinzinira anzawo. "Ndife, madala. Tikaiwotcha bwino lomwe."

"Nanga magolovesi?"

"Akatswiri savala zimenezo."

Mlonda anaima patali, mpango uli pamphuno. A Mapulani anaona ngati ndi ulemu.

Anakaisendera kuseri kwa nyumba yawo. Magazi anatuluka akuda bii, osaundana.

"Ng'ombe zamakono zimatero," anafotokoza a Mapulani, nasenza ntchafu pakhosi ngati mwana wawo. Akazi awo atangoinunkhiza anakana kuti ilowe m'khitchini.

Sabata isanathe, pakhosi pa a Mapulani panatuluka chilonda, pakati pake pakuda ngati khala. Ndodo mikono inatupa mpaka ananenepa koyamba. Mphuno ankanjenjemera kunja kukutentha. Kenaka wailesi inalengeza kuti ng'ombe yobedwa ija inafa ndi antirakisi, nthenda yolowa mwa munthu woigwira, ndipo wochedwa kuchipatala amapita nayo kumanda.

"Pulani ina," ananong'ona a Mapulani, mawu akuthawa. "Tipite payekhapayekha. Tikakumana, sitidziwana."

Kuchipatala anakhala motalikirana, aliyense akuyang'ana denga. Mzere unali wautali, ndipo chilonda chinkayabwa ngati chikuwerenga maola. Namwino anasuzumira pakhomo.

"Ngati pali amene anagwira ng'ombe ija, asadikire. Ayambe amene anaigwira kwambiri."

Atatu onse anadzambatuka, nakapanikizana pachitseko.

"Ndinaisenda ndine!" anakuwa Ndodo.

"Bodza! Matumbo ndinachotsa ndine!" anatero Mphuno.

A Mapulani anawakankha ndi zigongono. "Chokani apa, ana inu! Pulani yonse yoiba inali yanga!"

Pabenchi, wapolisi amene anabwera kudzachotsetsa dzino anapinda nyuzipepala yake pang'onopang'ono.

"Abayeni kaye jakisoni, anesi," anatero. "Dzino lidikira. Awa ndinyamuka nawo."