Moni wa Pamkono wa a Levison

Munali m'chilimwe cha 1998, fumbi lili koboo, pamene a Levison Chimphepo anafika ku Area 47 pa njinga yakapalasa, atavala yunifolomu ya alangizi a zaumoyo, sikelo ya ana ili pakaliyala. Mwezi usanathe, aliyense anali atawadziwa chifukwa cha moni wawo. Ukawatambasulira dzanja, iwo ankalidutsa n'kukugwira mkono pamwamba pa chigongono, paja amayezerapo ana onyentchera, n'kufinya pang'ono maso ali kumwamba.

"Mwadzuka bwanji, a Levison?"

"Dikirani kaye. Ee, inuyo mwadzuka bwino. Ine ndiye kaya."

Ku Old Town anagwira a Vinod a sitolo ya nsalu, amvekere, "Achimwene, mkono uwu mugawireko anzanu." Ku Msika wa Tsoka amayi a kaunjika ankapindiratu malaya akangoona njinga ija. Pa ukwati wina ku Area 15, pa 4 Ogasiti 2001, anafinya mkwati perekaniperekani ali m'kati, nanong'oneza apongozi kuti, "Mnyamatayu muzimuwonjezera nsinjiro."

Kunyumba za mipanda sankagogoda khomo la kumaso. Ankazungulira kuseri, kuboyizikota, chifukwa ana osowa katemera anali kumeneko, kwa antchito.

Lolemba pa 9 Januwale 2006, chaka cha njala, anafika kuseri kwa a Paxton, mkulu wopuma ntchito m'boma amene analetsa ana pakhomo pake podana ndi phokoso. Wantchito wawo, Esnati, anatuluka n'kukoka chitseko msangamsanga. M'katimo munamveka kulira kopanda mphamvu.

"Ndi mphaka," anatero Esnati.

"Mphakayo ndimuone mkono."

Anali Tuntufye, mwana wake wa chaka chimodzi, amene anakamutenga kumudzi mobisa agogo ake atasowa chomudyetsa. Mapazi anali otupa, tsitsi litafiira. A Levison anagwira kamkonoko, ndipo ulendo uno sanayang'ane kumwamba.

"Uyu ngwakuchipatala lero lomwe, mayi."

Esnati anagwada. "Bambo, chonde. Abwana akamva, ntchito yatha. Kumudzi onse akuyang'ana ine."

A Levison anavula chisoti. Ankadziwa kuti akakhala chete mwana afa, akayankhula mudzi wonse ungagone ndi njala. Kenako anachita chimene sanachitepo: anazungulira n'kukagogoda kumaso.

"Mwasochera?" anafunsa a Paxton, nyuzi ili kukhwapa.

"Ayi, bwana. Ndimati ndione ngati pakapingapa pangakwane anthu."

"Anthu ati?"

"A pamaliro. Kuseriku kuli mwana, ndipo sabata ino samaliza. Ndamva mumadana ndi phokoso. Ndiye konzekani. Amayi a mvano adzachezera kuimba pano, achibale adzalira pansi pa windo lanulo, ndipo nkhuni zikatha adzagwetsa mtengo wa mapeyalawu. Mwana wamoyo amalira n'kugona. Musankhe nokha."

A Paxton anawayang'ana osaphethira, nalowa m'nyumba. Esnati, amene ankamvera pangodya, anapita kukayamba kumanga katundu wake m'chitenje. Asanamange mfundo, anamva galimoto ikulira.

"Nanga mukuimiranji?" anakuwa a Paxton. "Mtengeni mwanayo!"

Tuntufye anagonekedwa m'chipatala, nabwerako ndi mapaketi a chiponde. Anakulira pakhomo pomwepo, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka kumsewu waukulu. A Paxton anadandaula za phokosolo moyo wawo wonse, koma tsiku la sikelo iwo ndiwo ankayamba kudzuka, n'kumaliza hutala kuti Esnati afulumire.

Masiku ano mipanda inatalika, pamwamba anayalapo mawaya a magetsi. Alangizi achinyamata amabwera ndithu, aulemu wawo. Amaliza belu pageti, mlonda n'kusuzumira pakabowo kuti, "Abwana kulibe," iwo n'kupitirira kunyumba ina. Esnati akadalipo, tsitsi lili mbuu. Akamva kulira kwa khanda kuseri kwa mpanda wa eni, amasiya chochapa n'kuima, kumvetsera ngati kulirako kuli ndi mphamvu. Kukakhala kofooka, amavula epuloni n'kupita yekha kukaona mwanayo, popeza palibenso mlangizi woti amudikire.

A Levison anatisiya Lachitatu m'mawa, pa 14 Juni 2023.