Chawo, Bera

A Mwale, tsitsani foloko imeneyo, ndakuonani mukutsinzinirana ndi akazi anu. Mwati nyimbo za ku Itale za pa wailesi zija n'kulira chabe kopanda luso, eti? Munazimvera kuti inu, munthu woti kuchoka kuno ku Laurel kupita mu DC mumasochera kawiri? Ine Esinati nyimbo zimenezo ndinaziimba ndi pakamwa panga pano, nyenje za m'Maryland monse zikundivomera, ndipo amene akukayika atuluke, chitseko ndi icho. Koma mbale ya nkhukuyo aisiye pomwepo.

Chinali chaka cha 2004, chaka chija nyenje zinatuluka pansi n'kudzaza mitengo, azungu akuyenda ndi maambulera chifukwa cha mantha, ife tikumeza malovu. Ejense yopezera anthu ntchito inanditumiza ku Takoma Park, kunyumba ina yakale yamatabwa, kukasamalira agogo a ku Itale, a Rozaliya, owonda ngati ndodo ya tsache. Chingerezi chonse anali atachiiwala, chinangotsala cha kwawo. Azimayi atatu anali atachotsedwa kale panyumbapo, onse mlandu wake umodzi, akuti masipuni akusowa. Wochotsa anthuyo anali mwana wawo wa agogowo, a Toni, loya wa mu DC, munthu woti akamakupatsa moni maso ali pa chikwama chako, ndipo kamera anaibisa m'diso la chidole cha pa shelefu, ankayesa sindinaione. Tsono mapepala anga okhalira kuno ankayendetsa ndi ejense yomweyo. Kuchotsedwa ndi dzina la wakuba kunali kukwera ndege yobwerera ku Ntcheu chimanjamanja.

Tsiku loyamba ndikungolowa kuchipinda, agogo aja anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato, n'kumwetulira, n'kunena momveka bwino kuti, "Chawo, bera."

Mukumva? Chichewa chenicheni, cha pa Ntcheu, chopanda ndi fupa lomwe! Mumtima ndinati ohoo, msampha uja ndi umenewu, mzunguyu anakhalapo kwathu, mwina ku mishoni, akufuna aone ngati ndingatole cha eni ake kamera ikuona. Ndinayang'ana chidole chija m'diso n'kuyankha mokweza kuti, "Sindiba ine, agogo." Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Ndinasiya kunyamula chikwama, ndinasoka matumba onse a yunifolomu, ngakhale madzi akumwa ndinkabwera nawo anga.

Ndipo si agogo okha, nyumba yonse inkalankhula Chichewa mobisa. Adzukulu akabwera Lamlungu ankathamangira nkhalamba yowonda ija akukuwa kuti "Nona! Nona!", mwano wake umenewo, kulamula munthu wamkulu kuti anone ngati nkhumba ya Khirisimasi. A Toni nawo chakudya chikafika ankati, "Manja, mama, manja!", ine n'kuthamanga ndi beseni kukawasambitsa m'manja, kasanu pa chakudya chimodzi, mpaka mizere ya m'zikhatho inafufutika, apolisi akanafuna zidindo za zala sakanapeza kanthu.

Tsono nyimbo zija. Agogo anali ndi kawailesi ka kaseti ndi katoni yodzaza matepi a kwawo, nyimbo wamba zomwe amamvera ometa tsitsi ndi oyendetsa matakisi. Woimba wake mawu osasa ngati wameza mchenga, amayamba monong'ona ngati akuopa kudzutsa mwana, iwe n'kumati palibe chilipo apa, kenaka pang'onopang'ono akukwera, azeze akumutsatira pambuyo, akukwerabe, ukamati wafika iye n'kupeza masitepe ena pamwamba pake, ndipo paliponse mawu ake ndi amodzi, "kuwole, kuwole." Ine ndinati awa ndi matemberero, chiwole n'chiyani? Koma ndinaona kuti agogo ankadya pokhapokha tepi ikulira, woimba akakwera iwo pakamwa yasa, ine sipuni lowu. Sabata yachitatu ndinadzipeza ndikulira pa sinki, mbale ili m'manja, ndikukumbuka malemu amayi anga, chonsecho mawu sindikuwamva. Apo ndiye ndinazikayikira zenizeni. Nyimbo yoliza munthu amene sakuimva, ndinati muli mankhwala.

A Toni ankadana nazo ngati mmene mukuchitira inumu, a Mwale, mwina munayamwa bere limodzi. Ankati n'zinyalala, shuga wothira m'makutu, nyimbo zenizeni za kwawo ndi zija za m'maholo akuluakulu zoimba azimayi okuwa ngati aponda msomali. Tsiku lina Loweruka ananyamula katoni yonse n'kukaiponya m'bini, kawailesi n'kukatsekera m'galimoto mwawo, n'kuika makina atsopano a azimayi okuwa aja. Agogo anangotseka pakamwa kuti tswii. Lamlungu osadya, Lolemba osadya, Lachiwiri ngakhale madzi ankalavula. A Toni m'malo moti aganize, anandiloza ine chala, akuti chakudya cha amayi awo ndikudya ndine, taonani mmene ndanenepera. Anati pofika Lachisanu amayi akapanda kudya apita ku nyumba ya okalamba, ine lipoti lipita ku ejense. Ndinachita mantha, abale, sindikubisa.

Lachinayi m'mawa, tsiku lotaya zinyalala, ndinalowa kuchipinda ndikudziwa kuti mawa ndapita. Agogo anali atatheratu, maso okha. Anandigwira pamkono, n'kunong'ona ndi kampweya kotsala kuti, "Chawo, bera."

Ndinayang'ana chidole chija, ndinayang'ana agogo, panja ndikumva chigalimoto cha zinyalala chikunyamula bini yathu, ndinati lero lokha ndimvera akuluakulu. Ndinavula nsapato n'kuliyatsa liwiro, chigalimoto chili patsogolo ine pambuyo, nyenje zikuphwanyika kumapazi, ndinadutsa basi, ndinadutsa wapolisi wa panjinga yamoto mpaka anatsika kukaona ngati injini yake yazima, ndinachipitirira chigalimotocho osadziwa mpaka ndinachita kuchidikira pa maloboti a ku Silver Spring, n'kudumphiramo mutu uli pansi, kusambira m'matewera ndi makoko a mavwende, n'kutuluka ndi tepi imodzi kukamwa ngati galu wa alenje. Ndinaibisa m'kamisolo n'kubwerera, ndipo tiyi amene ndinasiya patebulo ndinamupeza akadali wotentha. A Mwale, mukutafuna chiyani mukuseka? Ndikulumbira pali malemu amayi anga!

Tepi ndapeza, koma wailesi palibe. Mukuganiza ndinatani? Ndinatenga pensulo n'kulowetsa pa kabowo ka tepi, riboni ija n'kuidutsitsa pa dzino langa lachitsulo ili, taonani, ili kumanzereli, n'kumapukusa ndi dzanja, nyimbo yonse n'kulowa m'chibwano, kukwera m'mutu, azeze ndi ng'oma zomwe, ine n'kungotsegula pakamwa. Ndinayamba monong'ona ngati mwini wake uja, kuwole, kuwole, pomwe mawu andithawa ndikuikapo mayina a midzi ya kwathu, ndipo nditayamba kukwera nyenje zonse za mu Takoma Park zinakhala chete kuti zii, kenaka zinalowa m'magulu ngati kwaya ya kutchalitchi, zazikazi kutsogolo zazimuna besi, ndikakwera nazo zikwera, mawindo akunjenjemera, sitima ya Red Line inaima pamlatho woyendetsa akupukuta misozi ndi tayi, ndipo ku Greenbelt kuja amaona za kumwamba makina awo onse analoza pa denga lathu, anayesa kwabwera alendo a kumwezi. Mukumva? Funsani mwana wa a Tembo amakolopa kumeneko, akuuzani.

A Toni zonsezi ankaonera pa kamera ku ofesi, anaona ndi pomwe ndimatulutsa tepi m'kamisolo, ndipo anabwera akuthamangitsa galimoto kuti adzandigwire ndi umboni m'manja. Anakankha chitseko n'kupeza amayi awo atatha mbale zitatu za makaroni, nkhuku yathunthu ndi buledi wa mawa, akunona ndikuona, mpaka matayala a njinga yawo ya olumala anaphwa onse awiri. Kenaka agogo anapisa dzanja pansi pa matiresi n'kutulutsa masipuni awiri, n'kumawagundanitsa pabondo motsatira nyimbo. A Toni atatukula matiresiwo anapeza masipuni onse amene anachotsetsa azimayi atatu aja ali ndandanda, owala bwino. Loya uja anakhala pansi, pa kapeti, ndi suti yake. Nditafika pokwera penipeni ndinamva mawu achimuna akundithandiza, ndikacheuka ndi iwowo, akuimba liwu ndi liwu, mamina ali chuchuchu, nyimbo ya zinyalala ija ankaidziwa yonse kuyambira ali pamsana. Ndiye muzindiuza za luso inu? Lipoti silinapite, ndipo ndinakhala panyumbapo zaka zina ziwiri mpaka agogo anatisiya.

Chabwino, za sitimayo mwina inaima pa zifukwa zake, ndipo mwana wa a Tembo musamufunse, ngwabodza. Koma ichi chokha mverani. Agogo atamwalira kunabwera kuno bambo mfumu wina wa ku Dedza amene anaphunzira ku Roma, tinadya naye m'nyumba mwa a Tembo momwemo. Ndinamufunsa kuti bambo, anthu a ku Itale anaphunzira kuti Chichewa, ndipo n'chifukwa chiyani amatuma anzawo kuba? Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsamwa. Anati nona ndi agogo, manja ndi idyani, kuwole ndi mtima.

"Nanga chawo bera?" ndinafunsa.

"Chawo ndi moni, mayi. Bera ndi wokongola. Ankati moni, chiphadzuwa."

Ine sindinaseke. Malemu amuna anga ndinakhala nawo zaka makumi awiri, sanandiuzepo mawu amenewo ngakhale ataledzera. Nkhalamba ija inandiuza m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri, ine ndikuyankha kuti sindiba ine agogo, maso ali pa chidole. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo ndikaimva nyimbo ija ndimalira osachita manyazi.

Tepiyo ili m'chikwama changa chomwechi, a Toni sanaiitanitse ndipo ine sindinabweze. Inde, a Mwale, lembani, ndinaba. Chinthu chimodzi chokha ndinaba mu America muno, ndipo ndinachita kutumidwa ndi munthu amene ankangondipatsa moni.