Ngodya Yosiyira Achule

Lolemba

Kope ili n'lakusukulu ya kwacha. Aphunzitsi akuti tizilemba chilichonse kuti dzanja lizolowere. Chabwino, ndilemba izi, poti mutu wokha sukuzikwanitsa.

Kwabwera mlangizi watsopano, wa bungwe. Chiyambire matipate mabungwe angoti mbwee ngati ngumbi. Ndi mtsikana, mayi Tembo, wavala thalauza poti masiku ano n'zololedwa. Akuyala chipepala pamkeka n'kujambula munda wanga. Munda umene ndaulima chimwalirire amayi! Chulu wachiika kolakwika.

Zoti ndichite akuti:
misangu iwiri ija osadula
mapesi osatentha
ndikumbe dzenje la madzi, la achule
ngodya yakudambo isaone khasu, ikhale tchire.

Tchire! Ndikufunsa kawiri. Akuti, "Eya agogo, kuti mbalame, njuchi ndi tizilombo zibwerere. Munda wa chimanga chokhachokha ndi wodwala."

Nanga alangizi akale aja? Zulani, tenthani, mizere iwongoke, mbewu imodzi basi. Wina anandiyalutsa pagulu chifukwa cha dzungu limodzi. Lero udzu wasanduka m'bale. Ananama ndani, uja kapena uyu?

Loweruka kubwera alendo kudzaona, munda wanga ukhala wachitsanzo. Ndavomera. Mawu akuti chitsanzowa andikomera m'khutu.

Koma ngodyayo ndiye mtima wa munda, chinyezi sichithapo, anandisiyira amayi. Ndipo mlamu wanga Nangondo, mkazi wa achimwene, amene anabwera pachitengwa wopanda dothi ngakhale lodzaza chikho, wakhala akuisuzumira ngati galu pathandala la usipa. Kuno malo osalimidwa sachedwa kupeza mwini. Ndawauza mayi Tembo. Akuti, "Mungokhomapo zikhomo."

Lachiwiri

Zikhomo ndakhoma. Kuti zizioneka ndamangirira nsanza, ndang'amba chitenje chakale chachikasu. Ndalakwitsa mtundu!

Dzuwa lisanafike paliwombo mudzi wonse ukudziwa kuti:
ndagulitsa malo kwa mzungu wa hotela ku Senga Bay
ndalowa chipani china
ndatsirika munda.

Zitatu zonsezi munthu mmodzi, m'mawa umodzi, ndisanamwe ndi phala lomwe.

Kumjigo Nangondo akundiyandikira, mawu ozuna ngati nzimbe: "Alamu, ngati msana wayamba kuvuta, abale tilipo." Ndamuuza kuti msana wanga uli bwino kuposa pakamwa pa anthu ena, ngodyayo ndikusiyira mbalame ndi achule. Wandigwira pachipumi kuti amve ngati ndatentha thupi.

Kunena zoona, nditadzimva ndekha ndikunena mawu amenewo, nanenso ndinafuna kudzigwira.

Lachitatu

Dzenje. Kukumba kuyambira mbandakucha, lafika m'chiuno. Madzi atuluka, amatope. Ndakhala pambali kudikira achule.

Chule palibe. Kwabwera abakha a eni ake, asanu ndi mmodzi, alowa osaodira.

Mayi Tembo adutsa panjinga, ndawaimitsa. Ndikufuna ndidziwe oitanidwa ndani. Mpheta zimene zimatha mpunga ku Lifuwu, nazonso? Anyani? Njoka? Nanga mvuu?

"Chilichonse chili ndi ntchito yake, agogo."

Ntchito ya mvuu ndikuidziwa ine, ndinaiona chaka chija ndinakolola mpunga wodzaza lichero limodzi. Ikabwera ndiionetse chipepala kuti dzina lake palibe? Mayi Tembo aseka, akwera njinga.

Tsopano msana ukuwawadi. Ndabwerera kunyumba chowerama, dzanja m'chiuno, khasu ndikulikoka. Nangondo ali pakhonde pake, akusenda chinangwa, maso ali pa ine. Akakhala chete uyu ndiye kuti kwinakwake kukufuka utsi.

Lachinayi

Ku Chitala kukatenga mbande za mitengo. Matola, fumbi, kukhala pa thumba la makala. Tsiku lathunthu.

Pobwera ndikumva nyimbo kumunda. Ndikuti kaya maliro a ndani.

Amayi akumpingo! Makasu khumi ndi awiri! Ngodya yanga yeretu, mbee! Udzu atentha, zitsamba adula, mizere yowongoka ngati ajambula ndi chingwe. Zikhomo zanga aziunjika pambali kuti ndikakolezere moto. Dzenje akanakwirira, koma abakha anakana kutuluka.

Patsogolo penipeni Nangondo, thukuta kamukamu, duku lapendekeka.

Amayi otsogolera gulu akundigwira manja onse awiri: "Alamu anu atiuza kuti mwafooka. Wamasiye asamereredwe tchire ife tilipo, ayi."

Ndinene chiyani? Anthu asiya minda yawo, abwera ndi njala, alima chaulere. Ukawakalipira, ndani adzakusambitse tsiku lomaliza? Ndatula mbande, ndagwada, ndawomba m'manja. Zikomo, zikomo, Ambuye akudalitseni. Mano ndikukuta.

Andipempherera msana. Kenako wina wanong'ona, andipemphereranso mutu. Ndayankha Amen kawiri.

Ndasenza mitengo khumi kuchokera ku Chitala, yotalika ngati chala. Imene yadulidwa lero inali yondipitirira msinkhu.

Lachisanu

Alendo ndi mawa. Tchire likufunika. Ngati linachoka ndi manja, libwerera ndi manja.

Ndatuta kudambo:
nsenjere, mitolo inayi
bango
nthambi za minga
chingwe china chokongola cha nyemba zaubweya.

Chinali chitedze! Mayo ine! Zaka zonsezi ndikuchidziwa chitedze, lero ndachisenza pamutu ndekha chifukwa cha changu. Khosi, m'khwapa, msana, paliponse moto.

Ndikudzala udzu, ndikukanda, ndikuthirira, ndikukanda. Anthu aima mumsewu. Che Saidi, msodzi wa m'mudzi muno, atsika panjinga ndi dengu lawo: "Walahi, panyanja ndaona zambiri, koma munthu wothirira udzu ndayamba kumuona lero."

Ndikanawayankha, koma diso langa lagwera kumunsi. Mizere inayi yakumapeto yabayidwa timitengo. Chinangwa! Ine sindinadzale chinangwa.

Nangondo akuti, "Ndangosungitsako mbewu, alamu, ingandiumire."

Kusungitsa! Chinangwa chimakhala m'nthaka chaka ndi miyezi. Ndipo kuzula mbewu imene munthu wadzala ndi mlandu, ngakhale m'munda mwako momwe. Akudziwa. Akudziwanso kuti ndikudziwa.

Loweruka

Galimoto yoyera. Atsika anthu a zipewa, azibambo a nsapato zonyezimira, mzungu mmodzi wa kamera.

Tchire langa lagona chafufumimba, lafota lonse. Bango lokha laima, ngati mano a nkhalamba. Mayi Tembo ayang'ana chipepala, ayang'ana munda, atembenuza chipepala chadodolido. Ine ndaima pambali ndi chitenje chatsopano, ndikukanda mwaulemu.

Mlendo wina akufunsa zamoyo zimene zabwerera. Ndaloza abakha.

Mayi Tembo akundinong'oneza, misozi ili m'maso: "Agogo, chachitika n'chiyani?" Ndati chikondi cha abale, mwana wanga.

Kenako mzungu wakuwa, akuloza kutsidya kwa malire. Onse thamangu! Kumunda kwa a Kamwendo. A Kamwendo amene khasu lawo linachita dzimbiri, amene amalima pa kachasu kuyambira Lolemba mpaka Lolemba. Udzu wofika m'khosi, agulugufe, mbalame phokoso, njuchi mumphako. Alendo akujambula, akulemba, akugwedeza mitu.

Adzutsa a Kamwendo pansi pa mtondo. Apukuta kumaso, amvetsera, akhosomola: "Ee, ine zimenezi ndinaziyamba kalekale. Anthu samandimvetsa."

Munda wachitsanzo ndi wa a Kamwendo. Awagwira chanza onse, mmodzimmodzi.

Ine zaka zonsezi kudzuka ndi nkhuku. Kaya.

Lamulungu

Kutchalitchi andiimiritsa kuti ndithokoze amayi pamaso pa mpingo. Ndathokoza. Nangondo ndiye amatsogolera nyimbo, mawu mpaka kudenga.

Potuluka ndadzera kumunda. Mizere ya chinangwa yakwana isanu ndi iwiri. Mbewu yosungitsa imaswana.

Ndapita kwa achimwene. Akuti, "Nkhani za azimayi sindilowerera," n'kutembenukira kukhoma. Mimba imodzi ndi ine munthu ameneyu!

Za mbalame ndazisiya. Sindikudziwabe ngati udzu ndi mdani kapena m'bale, adzatiuza mlangizi wotsatira. Chimene ndikudziwa n'choti ndapempha mitengo ya chinangwa kwa akazi a Che Saidi, mtolo wathunthu. Mawa ndikabaya wanga pakati pa wake, wanga pakati pa wake, mzere uliwonse mpaka kumalire. Iye sangazule, ine sindingazule. Tidzakanganira pokumba.

Mulungu angondisunga kufikira tsikulo. Ndikatsogola, Nangondo adzalira kuposa onse pamaliro, adzagubuduka ndithu, kenako adzabwereka khasu langa.