Kwa Bwana Amene Kompyuta Yawo Inasuntha Ukwati wa Atupakisye

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa kampani yotikonzera makompyuta,

Ine ndine Tumpale Mwakibinga, mayi wosaphunzira kwenikweni, woyang'anira holo ya maukwati kuno ku Mbeya. Ndagwada pansi kuti ndithokoze chifukwa cha kapulogalamu kamene munatiikira, kotenga masiku amene anthu apempha holo n'kuwaika pa kalendala pakokha.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kuti 5/6 si 5 Juni monga tinkaganizira mu umbuli wathu, koma 6 Meyi. Tsiku limenelo tinapha mbuzi, tinaphika pilawu ndi nthochi, oimba anafika atavala zofanana, ndipo anaimbira mipando mpaka madzulo. Mkwatibwi, Atupakisye, anali ku Dodoma kulemba mayeso, osadziwa kuti akukwatiwa.

Chachiwiri, pa 5 Juni galimoto za ukwati zinafika zikuliza mahutala, koma m'holo munali alimi akuphunzira za matenda a nkhumba, poti kalendala yanu inati tsikulo palibe analitenga. Alimiwo, anthu aulemu, anati mkwatibwi angathe kukhala kutsogolo bola asatchinge chithunzi cha nkhumba. Ukwati unachitikira poimika magalimoto, mu chisanu chathu cha Juni chija. Azakhali a mkwati ananditchula mayina amene ngakhale nkhumbazo zikanachita nawo manyazi, ndipo mpaka lero akandiona ku tchalitchi amasamukira pa benchi ina.

Chachitatu, ndikuyamika katswiri amene munatitumizira. Anafotokoza mofatsa kuti kompyuta ikudziwa kuti ili ku Tanzania, koma kapulogalamuko kamawerenga Chiamereka, mwezi patsogolo, tsiku pambuyo. Bwana, anthu amavutika chaka chonse kufuna viza, ife mwatisamutsa osakwera ndege! Anawonjeza kuti masiku oyambira pa 13 savuta, chifukwa kulibe mwezi wa khumi ndi chitatu, choncho vuto ndi la anthu othamangira kukwatirana mwezi usanakhwime. Atamwa tiyi anapita, osakhudza kalikonse.

Malangizowo tawatsatira. Mnyamata wina atabwera kudzapempha pa 8, ndinamuuza kuti adikire pa 13. Chibwenzi chake chinaganiza kuti iye ndiye akuzengereza, ndipo chinabweza mphete.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Tamva kuti mwana wanu wamkazi akukwatiwa kumayambiriro kwa mwezi wa mawa, ndipo mwaitana akuluakulu ochokera ku Dar es Salaam. Chonde, musatichititse manyazi pokachitira kwina. Holo tikupatsani ulere, maluwa ndi oimba omwe. Inu mungotiuza tsiku, ndipo ndidzalilemba ndekha, mosamala kwambiri, mu kompyuta yanu.

Ine wanu wodzichepetsa, amene sindikudziwanso tsiku loti ndilembe pamwamba pa kalatayi,

Tumpale Mwakibinga