Foni Yanga Ili ndi Pakati

Lolemba

Ndikuswa mtedza pakhonde, foni ikulira. Nambala yachilendo. Ndikuyankha mwaulemu monga mkulu wa mpingo, ndipo ndikumva mawu a mkazi, osalala ngati a pawailesi: "Moni mayi. Mimba yanu ikukula bwino. Musaiwale tsiku la sikelo." Ndikuti mwalakwitsa nambala, mayi. Sakundimva. Akupitiriza za mapiritsi owonjezera magazi, kenako wadula. Si munthu, ndi makina. Dzina la mwini mimba osatchula!

Zonsezi zabwera ndi matabuleti, timakompyuta ta m'manja tija tafika ku kiliniki kwathu. Kale munthu unkagula kope, anesi nkulembamo matenda ako, iwe nkukalibisa pansi pa matiresi. Tsopano akuti chala pagalasi, nambala ya foni apa. Ndipo pakhomo pano foni yosazima ndi yanga yokha, chifukwa cha sola. Aliyense wopita kuchipatala amangopereka nambala yanga ngati ndi mjigo wa mudzi.

Vuto ndi ili. Lamulungu likubwerali abusa alengeza ukwati wa Tamala, mzime wanga, ndi mphunzitsi uja wa ku Sinda. Ndine ndinaima pamaso pa akulu anzanga nkunena kuti mwanayu alibe chifukwa. Mimbayo ikakhala yake, nkhope ndikaiika kuti mumpingo?

Oganiziridwa:
1. Tamala. Mulungu atichitire chifundo.
2. Nabanda, mkazi wa mwana wanga Yohane. Yohane ali ku Kitwe, sanapondeko kuno chichokereni chaka chatha. Ikakhala yake, ndiye nkhani yoposa yoyambayo.
3. Amake Esinati, mkazi wanga. Imvi mbuu. Koma zozizwitsa sizinathe.

Esinati, mwana wanga woyamba amene anakwatiwa ku Vubwi, sindikumuwerengera. Pabanja wakhalitsa, mimba ziwiri zinapita padera, kuyambira pamenepo zii. Apongozi ake amamunena ndi pamaliro pomwe. Anabwera mwezi watha akudandaula mutu, nkubwerera. Za iye mtima umandiwawa, ndisiyire pomwepa.

Mwamuna safunsa za mimba, ngakhale ya mwana wake. Ndifufuza mwakachetechete. Ndinaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, ndipo mwana woba choko ndinkamudziwa ndi kayendedwe. Pofika Loweruka ndikhala nditamugwira.

Lachiwiri

Msampha woyamba. Ndaika pakhonde mbale ya malambe, mandimu ndi bwemba. Wapakati sapirira zowawasa. Ine ndakhala kuseri kwa nkhokwe ngati ndikukonza njinga.

Zotsatira:
- Tamala watenga ndimu.
- Nabanda watenga bwemba, nkugwada kuthokoza moyang'ana kunkhokwe. Ndiye kuti akundiona.
- Amake Esinati anyamula mbale yonse, akuti malambewo aphikira phala.

Onse atatu!

Msampha wachiwiri, kapenta. Ndalamula kuti akazinge uja wakhalitsa m'chitini, wonunkha kuchokera kumsewu. Wapakati athawa kukhitchini. Palibe wathawa. Amene wachita nseru ndine.

Zina zokayikitsa. Tamala wagona masana, akuti kwaya yamutopetsa. Nabanda akulavulalavula, koma akupeta mtedza, fumbi lilipo. Kumuyang'anitsitsa sindingathe, ndi mpongozi, tikakumana panjira aliyense amalowera kwake. Ndimufufuza bwanji munthu amene mwambo ukuti ndizimuona kumapazi kokha? Mapaziwo sanatupe. Bola pamenepo.

Madzulo mayi wa makina uja waimbanso. Akuti ndizidya masamba obiriwira ndi kugona m'neti. Ndamufunsa mwaukali kuti wakutuma ndani. Akuti ndikafuna kumvanso uthengawu ndidine wani.

Akumulipira ndani mayi ameneyu? Kuimba tsiku ndi tsiku, za ndalama za tokotaimu osadandaula. Chaulere chotere ine sindichikhulupirira. Alipo wina kwinakwake amene akunenepa ndi mimba za kuno ku Mkaika.

Lachitatu

Ku kiliniki, ponamizira bipi.

Chala pagalasi. Tabuleti yatulutsa dzina langa, zaka zanga zenizeni osati zimene ndimauza anthu, ndiponso kuti mapiritsi a bipi ndinasiya kudzatenga. Kazitape weniweni! Kope langa lakale silinandinenerepo kwa munthu. Anesi akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndikufunsa motsitsa mawu kuti alipo mayi wina analembetsa nambala yanga, kodi ndani? Anesi akudinadina, akuti nambalayo ilipodi, koma dzina ndi chinsinsi cha wodwala. Ndikuti foni ndi yanga. Akuti, "Foni ndi yanu, bambo, koma mimba si yanu."

Ndiye taonani. Makina akudziwa, anesi akudziwa, mwina ndi ku Lusaka komwe akudziwa. Ine wotchaja batire ndisadziwe.

Ndili pachitseko potuluka, foni ikulira. Ndikufuna kudula, chala chaterera, chadina pokweza mawu. "Moni mayi. Mimba yanu ikukula bwino." Khonde lonse lamva. Lero ndi tsiku la sikelo ya ana, amayi adzaza mabenchi, ndipo pakati pawo pali amayi Zulu, mkulu wa amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu, abwera ndi mdzukulu. Andipatsa moni wautali kwambiri. Afunsa za kunyumba, abwerezanso. Afunsa ngati amake Esinati ali bwino mumtima.

Mayi wachifundo ameneyu, ndakhala ndikumuchepetsa.

Ndabwera wopanda dzina. Ndabwera ndi mapiritsi a bipi, kufuna kusafuna.

Lachinayi

Minibasi mpaka ku Katete. Cholinga: munthu wa mafoni andiuze kumene mayi uja amaimbira, ndikamuonere pamaso.

Katete yadzaza ndi makina a matenda. Shopu zomwe zinkagulitsa makava a foni ndi matochi, lero muli:
- wotchi yowerenga kugunda kwa mtima
- kachipangizo kobaya chala nkukuuza shuga
- dokotala wa pafoni, umamuonetsa lilime iye ali ku Lusaka
- sikelo yolankhula, yotchula kulemera kwako pagulu. Amayi ena aithawa isanamalize.

Aliyense akufuna kudziwa za m'kati mwanga, ndipo aliyense akumwetulira. Ndi mmene ogula mbuzi amaipapasira nthiti pamsika.

Mwini shopu wamva nkhani yanga, watsinzina diso limodzi. "Mudala, osayopa, ivi vimachitika. Tizaibuloka chabe, amadamu sazaziba." Sindikumvetsa kuti amadamu alowapo bwanji. Chinyanja cha m'tauni chilibe mutu. Wandimanga wotchi pamkono kuti ndiyese, yati mtima ukuthamanga kwambiri. Iye kuseka mpaka kugwira kauntala.

Kubuloka nambala ya mayi uja kuti asaimbenso ndakana. Mboni yanga ndi yomweyi.

Koma ulendo sunapite pachabe. Ndi maso angawa ndaona mphunzitsi wa Tamala akugula beseni lalikulu lapulasitiki. Beseni! Atandiona walibisa kumbuyo, wavula chipewa, akuti ndi katundu wa m'nyumba yatsopano. Beseni la buluu, saizi yosambitsira khanda ndendende. Nkhani yatha. Ndi Tamala.

Pobwerera, anthu a pachigayo asiya kulankhula nditayandikira, ayambiranso nditadutsa. Ndiye kuti za Tamala zayamba kumveka. Mawa kwa abusa, ndisanachite manyazi pamaso pa mpingo wonse.

Lachisanu

Kwa abusa m'mawa. Ndapempha kuti chilengezo cha ukwati chiyambe chaima, pali kankhani ka m'banja. Abusa atseka chitseko, apemphera nthawi yaitali, nkunena kuti akuthokoza kuti ndabwera ndekha asanandiitane. Kenako: "Akulu, mayiyo ndi wa mudzi uti?"

Mayi uti?

Ine! Woganiziridwa ndine! Kuyambira Lachitatu mudzi wonse ukuti ndili ndi mkazi wamseri amene analembetsa nambala yanga ku sikelo, ndipo dzulo ndinapita ku Katete kukafufutitsa umboni. Ena akuti ndi wa ku Sinda. Ena akuti anamuonapo, ndi wamfupi, amagulitsa tomato. Ine, munthu wa bipi!

Ndakana mpaka thukuta. Abusa akuti nanga mimbayo ndi ya ndani? Ndatsegula pakamwa kuti nditchule Tamala, lilime lakana. Umboni wanga wonse ndi ndimu ndi beseni. Akuti akulu akhala pansi Lamulungu mapemphero akatha, ndibwere ndi yankho.

Kunyumba nkhani yoimitsa chilengezo yafika ine ndisanafike. Tamala wadzitsekera m'chipinda, akulira. Kudzera pachitseko akuti, "Atate, ndakulakwirani chiyani?" Zandipweteka kwambiri.

Nabanda waika chakudya changa patebulo osagwada nkomwe. Amake Esinati akusankha nyemba. Mkazi amene wamva kuti mwamuna wake ali ndi wamseri, nkumasankha nyemba modekha chonchi? Ameneyu akudziwa kanthu. Ndamukweza, tsopano ali pa nambala wani.

Mayi wa makina akuti ndipewe kukwiya ndi kunyamula zolemera.

Loweruka

Zaulemu zatha. Ndalengeza kuti akazi onse atatu akhale pansi pa mtengo wa mango, foni pakati, mayi uja akaimba tione amene agwetse nkhope. Amake Esinati angoti tiyeni kudimba mukandithandize kuthirira.

Pakati pa repu, akuthira madzi, osandiyang'ana:

"Ndi ya Esinati, bambo inu. Ya Esinati."

Ndakhala pansi pamatope ndi buluku langa labwino.

Mutu uja wa mwezi watha sunali mutu. Anadzayamba sikelo kuno, kutali ndi maso a apongozi ake. Nambala ya mwamuna wake sakanapereka. Foni yawo lero imagwira netiweki ya ku Mozambique, mawa ya ku Malawi, ndipo ikalira amayamba kuithamangira ndi apongozi. Ziwiri zija zinamveka msanga, anthu anaimba nthungululu, kenako anthu omwewo anadzakhala pamphasa kumupepesa nkukamunena panjira. Iyi sakufuna kuti aidziwe munthu mpaka idzaoneke yokha. Akudziwa ndi mwamuna wake, amake, ndi anesi basi.

Anasankha nambala yanga chifukwa, akuti, atate foni sazimitsa ndipo mameseji sawerenga. Zoona, timalemba take ntating'ono. Masabata onsewa mauthenga ankabwera olembedwa, amake nkumawerenga ine ndikusamba, kufufuta, nkumuuza mwana akapezeka pa netiweki. Sabata ino eni makina aganiza zotithandiza, ayamba kuimba ndi mawu. Chitukuko!

Ndalira. Ndalira ngati mwana pakati pa repu, chimwemwe ndi mantha pamodzi. Kenako ndadzambatuka kuti ndithamangire kwa abusa ndikayeretse dzina langa. Amake andigwira jekete. Akuti mng'ono wa amayi abusa anakwatiwa ku Vubwi, nyumba yoyandikana ndi apongozi a Esinati. Ndikauza abusa masana, ku Vubwi amva dzuwa lisanalowe.

"Sankhani," akutero, "dzina lanu kapena mtendere wa mwana."

Ndafunsa kuti bwanji sanandiuze Lolemba. Akuti ndikanafunsa. Komanso amafuna aone ngati malambe abweranso.

Kwa abusa ndapitabe. Ndati Tamala alibe chifukwa, lengezani. Nanga za mimbayo? Ndati ndilibe mawu. Abusa apumira m'mwamba. Kwa Tamala ndapepesa pachitseko. Beseni sindinalitchule.

Lamulungu

Abusa alengeza ukwati. Tamala waimirira ndi mphunzitsi wake, amayi aimba nthungululu. Tamala sanandiyang'ane, koma m'mawa wamwa tiyi.

Mpando wa akulu kutsogolo sindinakhalepo. Andipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pabenchi ya anthu a milandu. Ili ndi msomali wotuluka. Zimenezo sindinkazidziwa. Amayi Zulu akhala ndi amake Esinati, awagwira dzanja ulaliki wonse. Amake akulandira chipepeso ndi nkhope yachisoni yochita bwino kwambiri moti nanenso ndayamba kudzikayikira.

Mapemphero atatha, akulu. Afunsa, abwereza, apemphera, afunsanso. Ndayang'ana nsapato zanga. Agamula kuti ndipume pa udindo mpaka choona chioneke. Chidzaoneka. Mvula yoyamba isanagwe chidzakhala chikuonekera patali, Mulungu akalola. Mpaka tsiku limenelo ndine mwamuna wa mayi wamfupi wogulitsa tomato.

Makinawa sindikuwakhulupirirabe. Wina akulemera nawo, ine andivula ukulu. Koma pobwerera, panjira ya kudimba, foni yanjenjemera m'thumba la jekete, pamimba penipeni. Ndayang'ana uku ndi uku, palibe munthu. Ndatsitsa mawu, ndaiika kukhutu.

"Moni mayi. Masiku ano mwana ayamba kugunda. Musaope."

Ndadina wani. Ndadinanso.

Anesi aja analakwitsa. Mimbayi ndi yanga, ndipo ndiisunga.