Tsiku Limene Ndinagwetsera Amalume a Luwiza M'phompho

Pa Ulongwe pano pali anthu ena amene akangondiona ndikubwera amayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, uku akupinda bondo. Musaganize kuti ndine munthu wolemekezeka. Amakhala akundiseka. Poti nkhaniyi aliyense amaikamba mmene akufunira, ena mpaka kuthiramo mchere wawowawo, bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Luwiza, mtsikana wa ku Lifidzi amene amagulitsa kachewere pafupi ndi kabenchi kanga kokonzera mafoni pamsika. Ife awiri tinali titamvana, mayi ake analibe nane vuto, koma mukudziwa kale kuti kwathu kuno mawu omaliza amakhala a malume, mwini mbumba. Ankhoswe anga atapita kukafunsira, malume ake a Luwiza, a Dumingu, anangoyankha mwachidule kuti, "Ndimuone kaye mnyamatayo." Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kundikomera, chifukwa Luwiza ndinkamukonda zenizeni ndipo sindinkadziwa kuti ndingatani atandikana.

A Dumingu ndi bambo wamtali, wosalankhula zambiri, amene savula chipewa ngakhale kutenthe bwanji. Anakulira ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerera kuno anagwira chiwongolero cha kamiyau, lole yaikulu ija yonyamula chimanga, n'kumayenda msewu wa Tete ndi Kalomwe mpaka msana unawakana. Atasiya ntchito anthu ankayembekezera kuti azikhala pansi pa mtengo n'kumasewera bawo. Iwo anakakondana ndi masewera a mpikisano wa magalimoto a pa kanema, omwe ali m'nyumba yometera ya mnzawo wakale, a Mateyu. Loweruka lililonse masana ankakhala kumeneko, ndipo Loweruka lililonse ankaluza. (Zimenezi zinkawapweteka kuposa msana uja.)

Tsiku lina Luwiza anabwera pabenchi panga akupukuta dothi la kachewere m'manja.

"Amalume akuti mubwere Loweruka kwa a Mateyu," anatero.

"Kukametedwa?"

"Kukathamanga. Ndawauza kuti pa jogu ya magalimoto palibe amene amakuposani pa Ulongwe ponse. Akuti mukhale mbali yawo, ekipa imodzi."

Ndisaname, mutu unakula. Masewerawa ndimawatha ndithu, ndinawaphunzira kale pomwe anzanga ankalimbana ndi masamu. Ndinaona ngati Mulungu wandipatsa mayeso amene mayankho ake ndinali nawo kale m'thumba. Koma Luwiza pochoka anatembenuka n'kunena mawu amene anandisokoneza.

"Chonde musakandichititse manyazi. Amalume amayang'ana kwambiri ulemu."

Kwa inu amene simunasewerepo, zimakhala chonchi. Kanema amagawika panayi, aliyense kachigawo kake ndi galimoto yake, ndipo m'manja mumakhala kachipangizo kowongolera kamene timati komando. Mumakhala awiriawiri. Sikuti wofika koyamba ndiye watha nkhani ayi, amaphatikiza malo amene nonse awiri mwafikira. Choncho wina akathamanga yekha n'kusiya mnzake kumchira, palibe chimene wachita. Nzeru yake ndi yakuti wothamanga kwambiri apite patsogolo, mnzakeyo atsale n'kumatchingira adani njira kuti asadutse.

Loweruka ndinavala malaya a kutchalitchi. Ndinapeza nyumba yometeramo yadzaza, anthu ena atayima pazenera. A Mateyu anali atasankha Jowakimu, mnyamata wonyamula katundu panjinga pa Kalomwe, amene zala zake n'zachangu zedi. Pampando wometera panali bambo wina amene anali atametedwa mbali imodzi yokha, koma anauzidwa kuti adikire. (Sanadandaule. Nayenso ankafuna kuonera.)

Ndinapereka moni nditagwada, dzanja lamanzere litagwira lamanja. A Dumingu anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenaka anandikokera pambali.

"Tamverani," ananong'ona. "Mipikisano ndi itatu. Inu ndi amene muli ndi liwiro, ndiye mupite patsogolo. Ine ndine motolisita wa kamiyau, kudzaza msewu ndimakudziwa. Mateyu ndithana naye ine. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tamvana?"

"Tamvana, amalume."

Ndinavomera ndi pakamwa, koma mtima unali kwina. Mpikisano woyamba utayamba ndinapezeka ndili kumbuyo kwenikweni kwa galimoto yofiira ya a Dumingu. Msewu unali wotambalala, mpata wodutsira unalipo kumanja ndi kumanzere komwe. Chala chinafuna kuponda moto. Pomwepo ndinakumbukira mayi anga, amene anandilera ndi lamulo lakuti mwana sayenda patsogolo pa akulu, ndipo mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire. Ndiye ine, munthu woti ngakhale ukamwiniwo sindinaupeze, ndiwadutse amalume n'kuwasiyira fumbi kumaso, anthu onsewa akuona? Nanga ngati mayeso ake anali omwewo?

Ndinabweza moto. A Dumingu ankayendetsa galimoto ya mpikisano ngati yanyamula matumba a chimanga mpaka pamwamba. Pa kuruva iliyonse, ndikunena pokhota, ankachepetsa liwiro kutali, n'kukhota mosamala, thupi lawo lonse likupendekeka pabenchi. Ine ndili pambuyo pawo mwaulemu. Jowakimu anatidutsa, a Mateyu anatidutsa akuimba mluzu, ndipo ife tinafika komaliza motsogozana ngati tikuperekeza mkwatibwi.

"Galimoto yanu yafa?" anafunsa a Dumingu osandiyang'ana.

"Ayi amalume, ndimaphunzira kaye msewu."

"Msewu wake ndi womwewu Loweruka lililonse. Luwiza anandiuza zina."

Ndinafunika kupambana, ndinafunikanso kusawadutsa. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinadziona wochenjera kuposa akuluwo, moti ndinapeza nzeru yanga. Ndinaganiza zosinthanitsa ntchito mwakachetechete: iwo akhale patsogolo, wotchinga ndikhale ine.

Mpikisano wachiwiri unali wa m'tauni, misewu yake yopapatiza. Titangonyamuka ndinalowa pakati pa a Dumingu ndi adani athu. Jowakimu akati apite kumanja, ndili kumanja. Akati kumanzere, wandipeza konko. A Mateyu anayesa kulowera m'mbali, ndinawapanikizira kukhoma mpaka galimoto yawo inatulutsa moto. Pamalo owongoka ndinkafika kumbuyo kwa amalume n'kuwakankha pang'ono kuti liwiro likwere, ngati mmene timachitira ndi chapa, minibasi ija, ikakana kulira m'mawa. Tinafika iwo oyamba, ine wachiwiri.

Anthu anakuwa. A Dumingu anali asanakhalepo oyamba chiyambire, ndipo ndinaona dzanja lawo likupita kuchipewa n'kuchikankhira kumbuyo pang'ono. Sanamwetulire, koma ndevu zinagwedezeka. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kusankha nyimbo za paukwati.

"Mwachita bwino," anatero. "Koma si zimene tinapangana."

Mawu achiwiriwo sindinawasamale. Ndinangomva oyambawo.

Woluza ndi amene amasankha msewu wotsatira, ndipo a Mateyu si mwana. Anasankha wa m'mapiri, wokhotakhota, mbali imodzi thanthwe, mbali inayo phompho. Anali ataona kuti sindikufuna kuwadutsa amalume, ndipo anamuuza Jowakimu china chake kukhutu.

Tisanafike n'komwe pa kuruva yoyamba, Jowakimu anadumphira kutsogolo n'kuyamba kuchepa pa kanema. Kumbuyo kwake kunali a Dumingu, kenaka ine, ndipo a Mateyu anali kumchira akundinunkhiza. Zikanathera pomwepo tikanafanana, koma a Mateyu ankangodikira kuti amalume achepetse liwiro pokhota, atidutse tonse awiri. Njira yopambanira inali imodzi basi: ine ndimuthamangire Jowakimu ndikamudutse, amalume atsale atseke msewu. Aliyense m'nyumbamo ankaziona zimenezi, ngakhale bambo wometedwa theka uja.

"Dutsani," anatero a Dumingu.

"Pitirizani amalume, mukuyenda bwino."

"Ndati dutsani."

"Ndili bwino konkuno, amalume."

Anapatukira kuthanthwe n'kundisiyira mpata woti ngakhale ngolo ikanadutsa. Kenaka analankhula ndi mawu amene ndikuganiza ankalankhulira kwa anyamata okweza matumba.

"Mukapanda kudutsa pano, kwa Luwiza musadzapondeko."

Apa ndiye ndinaponda moto. Galimoto yanga inatuluka bwinobwino, mphuno yake inafika pa tayala lakumbuyo la amalume, kenaka pakhomo, kenaka tinali phewa ndi phewa. Chimene chinachitika pamenepo sindinachiganize, thupi linangochita lokha. Inu mukudziwa kuti munthu sudutsa pamaso pa akulu uli chilili ngati mbuzi. Ndinadzuka pang'ono pabenchi, bondo linapindika, pakamwa panatuluka mawu akuti, "Zikomo amalume, ndidutse nawo," ndipo manja anga onse awiri anakumana kuti awombe.

Manja owomba m'manja sagwira komando.

Kachipangizo kaja kanagwera pamwendo, kanagubuduka, kanakagunda pansi chammbali. Galimoto yanga inakhotera kuthanthwe n'kuwamenya amalume m'nthiti. Iwo ananjanja pathanthwepo n'kubwerera kwa ine, tinakolana, tinazungulira limodzi, ndipo tonse awiri tinauluka kulowa m'phompho. A Mateyu anadutsa pamalopo pang'onopang'ono akuliza hutala.

Ndiye masewerawa ali ndi khalidwe loipa lobwereza ngozi kuti muione bwino. Anationetsa kuchokera kutsogolo, kuchokera kumwamba, kenaka mochedwetsa, galimoto yofiira ikutembenuzika mlengalenga matayala ali m'mwamba. Ine ndinali ndikadali chiimire, bondo lopinda, manja ali pamodzi. Woyamba kuseka anali bambo wometedwa theka uja, ndipo atangoyamba iye nyumba yonse inaphulika. Jowakimu anachita kutuluka panja kukagwira khoma.

A Dumingu anaika komando pabenchi mosamala, anakonza chipewa, natuluka. Ndinkalakalaka akanandikalipira.

Nkhani inafika pamsika ine ndisanafike. Lolemba Luwiza anasamutsa thumba lake la kachewere n'kukakhala mzere wina, ndipo nditamutsatira anandiyankha akuyang'ana sikelo.

"Ndinati musakandichititse manyazi."

"Munatinso amayang'ana ulemu."

"Ulemu wake wogwetsera anthu m'phompho?"

Sabata imeneyo ndinkangotsegula mafoni a anthu n'kuwatsekanso osadziwa chimene ndakonza. Ndinali wotsimikiza kuti Luwiza ndamutaya, ndipo ndamutaya chifukwa cha galimoto yoti kulibe n'komwe. Zinkandiwawa kwambiri.

Lachisanu ndikuweramira foni ina ndinaona mthunzi wa chipewa pabenchi. Ndinadzuka msangamsanga mpaka tizitsulo tanga tinamwazika.

"Khalani pansi musanagwetsenso china," anatero a Dumingu. Anayang'ana kaye anthu odutsa. "Ine ndayendetsa kamiyau moyo wanga wonse. Mvula, nkhungu, mapiri a kunjira ya ku Tete, sindinagwerepo m'phompho. Woyamba kundigwetsa ndinu."

"Pepani amalume."

"Munthu akakuuzani kuti dutsani, ulemu ndi kudutsa. Banja ndi chimodzimodzi. Mkazi akadzati apa tsogolani, musadzayambe kuwomba m'manja nyumba ikupsa."

"Ndamva amalume."

"Koma amene anakulerani anagwira ntchito, zimenezo ndaziona ndi maso anga, mpaka katatu." Anakanda ndevu. "Muwauze ankhoswe anu abwere Lamulungu ku Lifidzi, akamwini."

Ananditchuladi kuti akamwini! Ndinafuna kuwomba m'manja, koma ndinali nditagwira foni ya kasitomala, ndiye ndinaigwiritsitsa. Iwo anayenda pang'ono n'kutembenuka.

"Mawa mubwerenso kometera. Koma mukakhala ekipa ya Mateyu. Jowakimu ndamutenga ine."

Ukwati unachitika, ndipo Luwiza anabwezera thumba lake pafupi ndi benchi langa. Phunziro ndinalimva bwino lomwe, moti mutandifunsa ndingakufotokozereni kuti pa ntchito ya awiri aliyense agwire mbali imene anapangana, ulemu uli ndi malo ake. Kungoti Loweruka lililonse ndimakhala mbali ya a Mateyu, ndipo ndikangoona galimoto yofiira patsogolo panga chala chimabweza moto chokha. Amalume sanaluzenso kuyambira pamenepo. A Mateyu anapempha kale kangapo kuti andibweze, koma a Dumingu amangoti mkamwini wawo ali pamalo oyenera.