Tsiku Limene Seva Yanga Inalowerera Mapemphero a Apongozi

Ku Chelstone, mu Lusaka, kuli amayi ena amene mpaka lero akandiona ndikudikira minibasi amayamba kukodolana ndi zigongono. Sindiwaimba mlandu. Koma musanaseke nawo, mudziwe kaye kuti mumsewu wathu wonse ine ndinali woyamba kukhala ndi seva m'nyumba, ndipo ulemu umenewo palibe angandilande.

Sevayo inali kompyuta yakale imene ndinagula pamene kampani ina ya boma, itagulitsidwa, inkataya katundu wa m'maofesi. Ndinaipukuta, ndinaikamo Linux, n'kuikhazika pa kathebulo pakona m'chipinda chochezera. Inalibe mausi, inalibe tizithunzi todina. Sikirini yakuda bii, iwe n'kumalemba malamulo, iyo n'kumamvera. Ntchito yake inali kusunga zithunzi, nyimbo ndi makalata a pabanja, ndipo siinkayenera kuzimitsidwa. Chimene chinkandiyendetsa chifuwa chili patsogolo n'chakuti ndili ku ofesi ku Longacres ndinkatha kulemba ssh, n'kulowa m'kompyuta ya kunyumba ngati ndakhala pa sofa. Anzanga akuntchito ndinawaonetsa zimenezi kangapo, ngakhale amene sanapemphe.

Koma m'bokosimo munali chinsinsi changa. Malemu apongozi anga aamuna anasiya kaseti imodzi yokha, imene anajambulidwa akulangiza ndi kuimba pa tsiku la ukwati wathu. Mkazi wanga anandipatsa kasetiyo kuti ndisamutsire mawuwo m'kompyuta, ndipo ndinasamutsadi bwinobwino. Pobweza tepi kuti ndikaisunge, wailesi yathu yakale inaitafuna n'kuidula zidutswazidutswa. Ndinataya zidutswazo mwakachetechete, osauza munthu. Kuyambira tsiku limenelo mawu a mkulu uja anatsala malo amodzi okha padziko lapansi, pa disiki ya seva yanga. Mufunsa kuti bwanji sindinakopere pa sidi. Ndinkati ndichita Loweruka. (Miyezi isanu ndi itatu inadutsa ndikunena zomwezo.)

Mu Okutobala, kutentha kutafika pachimake, apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Katete kudzacheza mwezi wathunthu. Iwowa safuna kuona chinthu chili pambalambanda. TV anaivundikira kansalu koluka, wailesi kansalu koluka, ngakhale telefoni inapeza kachipewa. Seva yanga, poti inali yaikulu, anaifunditsa nsalu ya pathebulo yopinda kawiri, n'kusanjikapo maluwa apulasitiki. Ndikaweruka ndinkapeza bokosi likutentha ngati simbi ya makala, fani ikulira momvetsa chisoni. Ndikachotsa nsaluyo, m'mawa ndikangotuluka pageti inkabwerera pamalo pake.

Tsono kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi maso ndi maso. Mawu amadzera mwa mwana wawo. Ndinatuma mkazi wanga, ndipo tsiku lotsatira ndinamufunsa.

"Mwabauza amayi?"

"Nabauza. Bakamba ati fumbi ya mu Lusaka ni yoipa, izaononga mashini."

"Koma ifunika mphepo, amake Chikondi. Ikapsa..."

"Ikapsa muzapeza ina. Manje muli chani mukati chamene sichingapezeke futi?"

Ndinasintha nkhani, chifukwa yankho la funso limenelo likanandiulula.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinati mumtima, ine sindingalankhule ndi apongozi, koma kompyuta ilibe apongozi. Ndinatenga maikolofoni n'kujambula mawu anga, aakulu, a bambo wa panyumba: "Kompyuta yatentha. Ivundukuleni msanga." (Sizinandifikire n'komwe kuti mawu a mkamwini ndi a mkamwini basi, kaya atuluka pakamwa kaya m'sipika.) Ndinalemba kapulogalamu ka mizere isanu koti kaziyeza kutentha, kukapyola muyeso kaziulutsa mawuwo. Masipika ndinawabisa kuseri kwa kabati kuti nawonso asafunditsidwe.

Chotsala chinali kuuza kompyuta nthawi yoyezera. Pali ndandanda yotchedwa crontab, ndipo mzere uliwonse umayamba ndi malo asanu: mphindi, ola, tsiku, mwezi, ndi tsiku la sabata. Ukaika nyenyezi pamalo, ndiye kuti wati "nthawi zonse". Ine ndinkafuna kamodzi pa ola, choncho malo oyamba ankafunika ziro. Mwa changu changa ndinaika nyenyezi m'malo onse asanu, kutanthauza mphindi iliyonse imene Mulungu analenga. Poyesa, nsalu inali itachotsedwa, bokosi lili lozizira, ndipo silinanene kanthu. Ndinadziyamikira kwambiri.

Mawa lake linali Lachinayi, tsiku limene amayi akutchalitchi amakumana. Sabata imeneyo anagwirizana zokumana kwathu kuti adzalonjere mlendo. Mkazi wanga anandiuza, ine ndinangoti "chabwino" maso ali pa sikirini.

Cha m'ma 3 koloko masana foni inalira ku ofesi. Mkazi wanga ankanong'ona.

"A tate Chikondi, ni chani ichi mwachita?"

Kumbuyo kwake ndinamva mayi wina akupemphera modekha, "...mukumbukirenso odwala athu, Atate..." Kenako ndinadzimva ndekha, mofuula ngati kondakitala wa ku Kamwala: "Kompyuta yatentha. Ivundukuleni msanga."



"Ivundukuleni chabe, izaleka," ndinatero.

"Navundukula kudala. Ikali kukamba. Bayamba pemphero katatu, ibadula pakati. Ma sipika mwabisa kuti?"

Ndinali nditaiwala kuti chitsulo chikatentha sichizizira pompo. Nsalu inachoka, koma muyeso unali ukadali pamwamba, ndipo mphindi ikangokwana ine ndinkalamulanso apongozi anga pamaso pa amayi khumi ndi awiri ovala zoyera.

"Osazimya ku chipupa," ndinapempha. "Nipaseni ma miniti yabili."

Ndinalemba ssh. Intaneti ya masiku amenewo inkayenda ngati ng'ombe yotopa, chilembo chilichonse chinkafika pachokha. Ndinalowa ndithu (ndipo ndinene, kulowa m'kompyuta ya ku Chelstone uli ku Longacres si zinthu za aliyense). Ndili pakati polemba lamulo loletsa mawuwo, sikirini inangouma. Bana Mulenga, aneba athu ochokera ku Kopabeti, mayi wosadziwa kuzengereza, anali atakwawira pansi pa kathebulo n'kuzula pulagi kukhoma.

Amene amadziwa zinthu izi akumvetsa chimene ndinaopa. Disiki yakale, yotentha, ikugwira ntchito, ndiye uidulire magetsi mwadzidzidzi, nthawi zina siidzukanso. Manyazi a mapemphero ndinawaiwala kaye. Ndinkangoganiza za mawu a mkulu uja. Minibasi ya ku Chelstone tsiku limenelo inaimira munthu aliyense amene anakanda mutu m'mbali mwa msewu.

Pageti ndinakumana ndi amayi aja akutuluka, aliyense akuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Bana Mulenga okha ndiwo anandiyang'ana, n'kundipatsa moni wa kwawo.

"Shani, ba mbusa ba mu bokosi? Lelo mwatilalikila maningi."

M'nyumba apongozi anali atakhala pa mkeka, atatembenukira kuwindo. Ndinanjuta pakhomo, n'kuomba m'manja, n'kupepesa kudzera mwa mkazi wanga. Ndinakwawira pakona n'kubwezera pulagi. Bokosi linalira kamodzi, kenako linalemba kuti disiki siinatsekedwe bwino, likuifufuza. Manambala anayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo atapitirira theka anaima.

Thukuta linatsika mpaka m'sokosi. Mkazi wanga anandiyang'anitsitsa.

"Manje muopa chani? Si mashini chabe iyi?"

Pamenepo ndinaulula zonse, apongozi akumva: za kaseti, za wailesi imene inaitafuna, za zidutswa zimene ndinataya, ndiponso kuti ngati manambala awa sasuntha, mawu a bambo ake apita. Mkazi wanga anakhala pansi pang'onopang'ono.

Manambala anasuntha. Anakwera, anafika kumapeto, ndipo kamzere kolembapo malamulo kanayamba kuphethira. Ndinalemba ls kuti ndione zimene zili m'katimo, ndipo dzina la fayilo ya mawu a mkulu uja linali pomwepo. Sindibisa, ndinanyada. Kompyuta yotayidwa, yokonzedwa ndi manja angawa, inapirira nsalu, kutentha kwa Okutobala ndi Bana Mulenga.

Ndinalemba lamulo loti mawuwo amveke. Kunamveka phokoso la anthu paukwati, kenako kutsokomola kuwiri kumene mkulu uja ankayamba nako nkhani iliyonse. "Ana anga, mukayambana musamagone ndi njala, idyani kaye." Kenako anayamba kuimba, mawu akuthawa pang'ono pokwera.

Apongozi anali asanamve mawu amenewo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anatembenuka, anayang'ana bokosilo, n'kugwira pakamwa ndi manja onse awiri. Nyimbo itatha analankhula motsitsa kwa mwana wawo.

"Uwauze abwereze."

Ndinadina batani la muvi woloza kumwamba, limene limabweretsanso lamulo lomwe wangolemba kumene. Tinamvera kanayi. Atapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Mwana wanga, uwafunse abambo a Chikondi. Masabata atatu onsewa ndakhala ndikupukuta fumbi pabokosili, abambo ako ali m'katimu. Osandiuza bwanji?"

Za mapemphero sanatchule n'komwe, ndipo zikanandipepukira akanatchula zimenezo. Makinawo ndinaonetsa ofesi yonse, mpaka mlonda wa pageti, koma mwini wake weniweni wa mawuwo ndinali ndisanamuyatsirepo ngakhale kamodzi, chifukwa choopa kufunsidwa za kaseti.

M'mawa mwake ndinalawirira mtauni kukagula masidi, ndipo ndinakopera atatu. Imodzi inapita ku Katete m'chikwama cha apongozi. Mawu anga ndinawafufuta m'makinamo, ndipo masiku ano ndikalemba mzere mu crontab ndimawerenga nyenyezi ndi chala, kawiri. Sevayo inagwiranso ntchito zaka zina zinayi, ndipo aliyense wofuna kumva ndimamuuza. Kungoti ndikamafotokoza nkhaniyi kuntchito ndimathera pamene disiki inadzuka. Funso la apongozi ndimalisiya, chifukwa mpaka lero sindinalipezere yankho.